Kupima mtembo kusakhale kwa apolisi okha

Kuno ku Mchinji munthu akamva kuti mtembo wa uje aupima, amadziwiratu kuti pali mlandu. Mwina malemuwo anawapeza m'dimba atafa kale, mwina anagundidwa ndi galimoto pa msewu wopita ku Mwami, mwina akuganiziridwa kuti anamwa tameki kapena anathiridwa chiphe m'mowa. Apolisi amabwera ndi kalata yawo, dokotala kapena clinical officer amalowa m'mochale, lipoti n'kupita kukhoti. Kupima kumeneko ndi kwa lamulo, achibale sangakuletse ngakhale atafuna. Koma kulinso kupima kwina kumene m'zipatala za m'maboma sikuchitikachitika, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kuliko: kupima thupi la munthu amene wamwalirira pa bedi la m'chipatala, dilipu ili pamkono, pofuna kudziwa ngati matenda amene amachizidwa ndi omwewo amene amutenga. Uku kumachitika pokhapokha achibale atavomera. Ine ndikuti chipatala cha boma lililonse, kuyambira chathu chino, chizipempha chilolezo chimenechi pa imfa zina zosankhidwa bwino, ndipo yankho lizibwerera kwa banja komanso kwa onse amene anasamalira wodwalayo.

Zambiri zimene zimalembedwa mu fayilo ya wodwala ndi zimene tikuganiza, osati zimene taona. Mwana akabwera usiku kuchokera ku Mkanda kapena ku Kapiri atakomoka, thupi lili moto, n'kumubaya pachala, kachipangizo koyezera malungo n'kuonetsa mizere iwiri, aliyense amati ndi malungo a mu ubongo ndipo jakisoni wa artesunate amayambika. Pamenepo palibe cholakwika, ndi mmene ziyenera kukhalira. Komabe m'dera la malungo ngati lino ana ambiri amayenda ndi tizilombo m'magazi uku akusewera bwinobwino, ndipo kachipangizo kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri patatha milungu ingapo mwana atachira. Ndiye kuti tizilombo tikhoza kukhalamo, koma chimene chamukomola n'china: matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, mankhwala amene anamwetsedwa kunyumba, chiwindi chofooka. Mwanayo akamwalira m'bandakucha, fayilo imatsekedwa ndi mawu akuti malungo, ndipo palibe amene adzabwererenso kukafunsa.

M'dziko muno alipo anthu amene anabwerera kukafunsa. Ku Queens ku Blantyre, gulu la madokotala ofufuza Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux linayamba mu 1996 kupempha makolo kuti lipime matupi a ana omwalira atakomoka. Zimene anafalitsa mu 2004 zinadzidzimutsa madokotala a m'maiko ambiri. Mwa ana 31 amene anakwaniritsa zizindikiro zonse za malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti anafa ndi zina. Tizilombo tinalimo m'magazi mwawo, koma m'timitsempha ta mu ubongo munalibe kumatirira kwa tizilombo kumene kumapha mwana wa malungo enieni a mu ubongo. Phindu lalikulu silinali pa nambalayo ayi. Poyerekeza zimene anaona m'maso mwa anawo ali moyo ndi zimene anapeza mu ubongo atamwalira, anatsimikiza kuti m'kati mwa diso mumasiyanitsa magulu awiriwa: mwana wa malungo enieni a mu ubongo amakhala ndi timadontho toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timagazi totuluka kumbuyo kwa diso. Lero dokotala wodziwa kuunika diso, akapeza kuti mulibe zimenezi, amadziwa kuti asakhutire ndi malungo, afufuzenso china mwana akadali moyo. Nzeru imeneyi inachokera kwa makolo a ku Malawi amene anavomera, ali m'kati mwa misozi, kuti ana awo apimidwe.

Anzathu a ku Zambia, amene timadyera nawo limodzi pa malire pano, anapeza zofanana kwa akuluakulu. Pa University Teaching Hospital ku Lusaka anapima matupi 125 a odwala omwalirira m'mawodi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015: anthu 78 anali ndi TB, ndipo 20 mwa iwo TB yawo sinadziwike mpaka imfa. Taganizirani tanthauzo lake pa banja. Munthu wotereyu wakhala akukhosomola m'nyumba imodzi ndi ana, koma popeza pa fayilo panalembedwa chibayo kapena kuchepa magazi, palibe amene adzapite kumudziko kukayeza otsalawo. Ku Maputo nako anapima matupi 139 a amayi omwalira ali oyembekezera kapena atangochira, pakati pa 2002 ndi 2004. Pa amayi anayi mwa khumi alionse, chimene madokotala analemba chinasiyana kwambiri ndi chimene thupi linaonetsa, ndipo pafupifupi theka la imfazo zinabwera ndi matenda ogwira wina aliyense, monga chibayo, malungo, oumitsa khosi ndi obwera chifukwa cha HIV, osati zovuta za uchembere zokha.

Wina akhoza kunena kuti vuto lathu ndi kusowa makina, tikadzakhala ndi sikani zonsezi zidzatha. Sizinathe ngakhale kumene makinawo ali. Mu 1983 dokotala Lee Goldman ndi anzake ku Boston, ku America, anayerekeza matupi opimidwa mu 1960, 1970 ndi 1980, nthawi imene makina ounikira m'thupi ankachulukirachulukira. M'zaka zonse zitatuzo, pafupifupi imfa imodzi mwa khumi inali ndi matenda aakulu osadziwika, amene akanadziwika akanasintha chithandizo mwinanso kupulumutsa munthuyo. Nanga ife, amene nthawi zina X-ray imakhala yoonongeka ndipo wodwala amafika ali kale kumapeto, tikuphonya zingati? Sitidziwa, chifukwa sitiyang'ana. Safunsa anadya phula.

Ambiri, ngakhale ogwira ntchito m'chipatala momwemo, sanaonepo zimene zimachitika pa tebulo la ku mochale, n'chifukwa chake nkhaniyi imaopsa kuposa mmene ilili. Ntchito siyambira pa mpeni. Wopima amayamba wawerenga fayilo yonse, buku la kuchipatala la malemu, tchati cha anamwino, mankhwala amene anaperekedwa ndi nthawi yake, n'kulemba mafunso amene akufuna kuti thupi liyankhe. Dzina amalitsimikiza pamaso pa wachibale. Kenaka amayang'ana thupi lonse kunja: kuyera kwa m'zikope, chikasu m'maso, mwendo umodzi wotupa kuposa unzake, mphini zatsopano, bala la opaleshoni. Asanatsegule paliponse amatenga ndi singano yoyera magazi, mkodzo ndi madzi ozungulira ubongo, amene amatungidwa kumbuyo kwa khosi. Izi zimayamba chifukwa thupi likangotsegulidwa tizilombo ta m'matumbo timafika paliponse, ndipo zotsatira za ku labu sizikhalanso zodalirika.

Akatero amacheka mzere umodzi kuchokera m'munsi mwa khosi mpaka m'munsi mwa mchombo. Nkhope sikhudzidwa. Ubongo ukafunika kuonedwa, khungu la pamutu limachekedwa kuchokera kuseri kwa khutu lina, kudutsa pamwamba, mpaka kuseri kwa linzake, malo amene tsitsi ndi nsalu zimabisa. Madzi kapena magazi opezeka m'mimba ndi m'chifuwa amatungidwa n'kuyezedwa mu jagi ya manambala, osangolemba kuti analipo ambiri. Malita awiri a magazi m'mimba mwa mtsikana amene ankachizidwa malungo ndi kuchepa magazi amatumiza wopima ku njira ya mazira, kumene mimba yokhala kunja kwa chiberekero imaphulikira. Mtsempha waukulu wochoka kumtima kupita kumapapo uyenera kutsegulidwa mtima usanachotsedwe, chifukwa magazi oundana amene anachoka ku mwendo n'kukatseka pamenepo amatha kugwa osaoneka ziwalo zikakokedwa mothamanga. Apa wopima ayenera kukhala ndi diso: magazi oundana munthu atafa kale amakhala ofewa, osalala, onyezimira ndi osamatirira, pamene amene anapha munthu amakhala olimbirapo, ouma pang'ono, opindikapindika potsata mtsempha wa mwendo umene anachokera. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumafotokoza imfa ya mayi amene anachitidwa opaleshoni yobereka, n'kukhala bwino masiku atatu, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi akupita kubafa.

Chiwalo chilichonse chimakwera pa sikelo. Mtima wa munthu wamkulu umalemera magalamu 250 mpaka 350, ndipo ukafika 500 ndiye kuti walimbana ndi BP kapena vuto lina la mtima kwa zaka. Phapo limodzi silipitirira kwenikweni magalamu 500, ndiye lofika kilogalamu limakhala lodzaza madzi kapena chibayo. Matumbo amatsegulidwa utali wake wonse, chifukwa kabowo ka taifodi kamakhala chakumapeto kwa matumbo aang'ono ndipo nthawi zambiri sikakwana sentimita imodzi. TB yofalikira thupi lonse imaoneka ngati njere za mawere zomwazika m'mapapo, m'chiwindi ndi m'kapamba, ndipo munthu akaiona kamodzi saiwala. Kwa mwana amene akuganiziridwa malungo a mu ubongo, kachidutswa ka ubongo kamafinyidwa pa galasi, n'kuthiridwa Giemsa, utoto umene umagwiritsidwa kale ntchito poyeza malungo mu labu, ndipo maikulosikopu imaonetsa ngati timitsempha tadzaza ndi tizilombo. Yankho lotere limapezeka tsiku lomwelo pa boma pompano, osadikira Lilongwe. Pomaliza amadula tizidutswa tosaposa theka la sentimita kukhuthala pa chiwalo chilichonse, ziwalozo n'kubwezedwa m'thupi, thupi n'kusokedwa, kusambitsidwa ndi kuvekedwa. Zonse zimatenga maola awiri kapena atatu.

Zimene zimaononga ntchitoyi ndi zazing'ono, ndipo zimadziwika. Chachikulu ndi kubaya mtembo mankhwala oumitsa usanapimidwe. Achibale amafulumira kupempha zimenezi poopa kutentha ndi ulendo wautali, ndipo wa ku mochale amachita pofuna kuwathandiza, koma fomalini akangolowa m'mitsempha amapha tizilombo tonse timene labu ikanamera, amasintha mtundu wa ziwalo, ndipo amasokoneza kuyeza chiphe. Lamulo la m'mochale likhale limodzi: thupi lililonse limene likuganiziridwa kupimidwa lisabayidwe mpaka wopima atalola. Firiji iyenera kusunga thupi pa madigiri 4 kapena chapafupi pamenepo, ndipo kupima kuchitike pasanathe maola 24 ngati n'kotheka. Magetsi akazima usiku wonse m'mwezi wa Okutobala, matumbo ndi ubongo zimayamba kusungunuka, ndipo pofika mawa madzulo pamakhala patatsala zochepa zoti munthu aone. Anamwino nawo asamachotse mapaipi, kanyula wa dilipu ndi kapaipi ka mkodzo pa thupi lopita kukapimidwa. Paipi yodyetsera imene inalowa kumapapo m'malo mwa kumimba imadziwika pokhapokha ikapezeka ili pomwepo.

Tizidutswa timasungidwa mu fomalini wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kachidutswako. Fomalini amalowa m'nyama pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndiye chidutswa chachikulu choponyedwa m'kabotolo kakang'ono chimauma kunja n'kuwola m'kati, ndipo chikafika ku labu palibe chimene chimawerengeka. Zokayezetsa chiphe, monga za m'mimba, magazi a mumtsempha wa pantchafu, mkodzo ndi kachidutswa ka chiwindi, siziona fomalini m'pang'ono pomwe: chilichonse m'botolo lakelake loyera, lotsekedwa, losungidwa pozizira. Dzina lilembedwe pa botolo, osati pa chivundikiro, chifukwa zivundikiro zimasinthana. Ndipo wopimayo ndi womuthandiza adziteteze, popeza mapapo a TB akachekedwa amatulutsa tizilombo mumpweya. Pamafunika masiki ya N95, magolovesi awiriawiri, apuloni ya pulasitiki ndi chipinda chopita mphepo.

Tsopano za achibale, pamene ambiri amati nkhani imathera. Akuti Amalawi sangalole. Ndi zoona kuti ambiri amakana, ndipo zifukwa zawo si zopusa. Uthenga wa maliro umakhala utapita kale kwa amfumu, adzukulu ayamba kukumba, galimoto yahayala ikudikira panja ndipo mwini wake akuwerenga maola. Mantha a kuba ziwalo nawonso sanabwere okha. Dziko lino linaona anthu achialubino akuphedwa ndi manda awo akufukulidwa, mpaka mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo la Anatomy Act pa nkhani yopezeka ndi ziwalo za munthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Munthu amene wamva zonsezi, n'kuuzidwa pakhonde la wodi ndi mlendo wovala zoyera kuti tikufuna tiwang'ambe, akana basi, ndipo sindingamudzudzule.

Koma kukana kwambiri kumabwera ndi kapemphedwe. Timapempha munthu wolakwika, pa malo olakwika. Mayi amene wakhala akudikirira wodwala milungu iwiri, ndipo tsopano akulira pansi, alibe mphamvu yovomera ngakhale atafuna. M'mabanja ambiri achichewa mawu otere ndi a mwini mbumba, pamene kwina, makamaka kumene kunaperekedwa malowolo, ndi a kuchimuna. Funsani kaye kuti wamkulu wa malirowa ndani, mumuitanire m'chipinda, akhale pampando, ndipo alankhule naye ndi amene ankasamalira wodwalayo, osati wophunzira ntchito wotumidwa. Mawu ake akhale oona ndi osazungulira: "Pepani kwambiri ndi zovutazi, bambo. Alongo anu tinawalandira dzulo madzulo, tinawapatsa mankhwala a malungo ndi a chibayo, koma kunena zoona sitikudziwa bwinobwino chimene chawatenga. Tikupempha ngati inu eni ake mungatilole tiwapime m'kati. Simulipira kalikonse. Nkhope sitiikhudza, ziwalo zonse tibwezera m'malo mwake, tingotengako tizidutswa tating'ono kwambiri, ndipo tikuonetsani. Mukafuna, mmodzi wa inu akhalepo. Pofika 12 koloko thupi likhala lokonzeka kunyamuka. Mukakana, palibe chimene chisinthe, tikuthandizani chimodzimodzi." Ndipo 12 koloko ikakwana thupi likhaledi lokonzeka. Banja limodzi lodikiritsidwa mpaka madzulo lidzauza mudzi wonse, ndipo mudzi umenewo sudzavomeranso.

Tisaiwalenso kuti kutsegula thupi si chinthu chachilendo pa chikhalidwe chathu. M'madera ambiri mayi akamwalira ali ndi pakati, achibale okha ndi amene amapempha kuti mwana atulutsidwe maliro asanaikidwe. Anthu amalola thupi kutsegulidwa akamvetsa chifukwa chake. Ndipo banja lachimalawi silikhala opanda funso lakuti wafa ndi chiyani. Chipatala chikapanda kuyankha, funsolo limapita kwa woombeza. Munthu wamphamvu akagwa mwadzidzidzi pa munda, pasanathe sabata dzina la agogo ena limayamba kutchulidwa, ngakhale lamulo la 1911 likuletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti. Mwana akatupa miyendo n'kumwalira, amati ndi tsempho, bambo ake anamudula, ndipo banja limatha. Sindikunena kuti pepala la dokotala lidzathetsa zikhulupiriro zimenezi. Koma mwini mbumba amene waona ndi maso ake magazi amene anatayikira mu ubongo wa m'bale wake, n'kuuzidwa kuti ndi BP imene sinayezedwepo, amakhala ndi mawu oti akanene pa siwa, ndipo mawu amenewo akhoza kupulumutsa nkhalamba ina. Akhozanso kutumiza abale otsala kukayezetsa BP yawo.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi chakuti amoyo akusowa. Clinical officer mmodzi akuona anthu mazana pa tsiku, mankhwala amatha, ndiye atenge maola atatu kupita kwa munthu amene sadzadzukanso? Ndikanavomereza zikanakhala kuti ndikupempha kupima mtembo uliwonse. Sindikutero. Matupi awiri kapena atatu pa mwezi, osankhidwa chifukwa ali ndi funso limene likhudza odwala ena, ndi okwanira kusintha kaganizidwe ka wodi yonse. Zofunika zake ndi mipeni, sikelo, jagi, mabotolo, fomalini ndi zodzitetezera, zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi mankhwala amene timathera pa matenda amene wodwala alibe. Madokotala odziwa kuwerenga minofu pa maikulosikopu ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zimenezo n'zoona. Koma labu ya minofu ya ku Kamuzu Central, imene inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ili pa mtunda wa makilomita ongopitirira pang'ono 100 kuchokera pa boma la Mchinji, ndipo ambulansi imapita kumeneko ndi odwala kawirikawiri. Labuyi ili ndi ntchito yambiri ya odwala khansa amoyo, ndipo iwo ayenera kukhala patsogolo, ndiye pamafunika kugwirizana nawo kuti angalandire zingati pa mwezi. Gawo lalikulu la mayankho, monga magazi otayikira m'mimba, chiberekero chong'ambika, matumbo oboola, mafinya pa ubongo, limaoneka ndi maso pa tebulo pomwepo, ndipo clinical officer wophunzitsidwa bwino akhoza kuliona n'kujambula zithunzi zoti katswiri akatsimikize.

Chotsutsa china sichinenedwa mokweza: ogwira ntchito amaopa kuti mtembo udzawaneneza. Manthawa ndi omveka, ndipo akapanda kusamalidwa palibe amene adzapemphe chilolezo kwa achibale. Zotsatira zizikambidwa pa msonkhano wa m'mawa kapena wounika imfa, fayilo ili pambali pa lipoti la wopima, ndipo funso likhale lakuti chizindikiro chiti chinalipo chimene tonse sitinachione, nanga tisinthe chiyani. Mwina yankho ndi lakuti mtsikana aliyense wa msinkhu wobereka wobwera ndi m'mimba ndi kuchepa magazi aziyezedwa mimba asanagonekedwe. Mwina ndi lakuti wodwala aliyense wa HIV wogonekedwa aziyezedwa TB mu mkodzo, ndiponso cryptococcus, kachilombo koyambitsa matenda oumitsa khosi, m'magazi tsiku loyamba. Nthawi zambirinso mtembo umamasula wogwira ntchito: umaonetsa kuti matenda anali atapita kale patali, palibe chimene akanachita, ndipo namwino amene wakhala akudziimba mlandu amapeza mtendere.

Banja likakana kutsegula thupi, pali njira yapakati. Ndi kutenga tizidutswa ndi singano yaikulu yobowola, njira imene akatswiri amaitcha MITS, ndipo inayesedwa kwambiri ku Mozambique poiyerekeza ndi kupima kwathunthu. Amabaya mapapo onse awiri, chiwindi, ndi ubongo kudzera m'mphuno kapena pa liwombo la khanda, n'kutenganso magazi ndi madzi ozungulira ubongo. Sipafika ola, ndipo pathupi pamangotsala timabowo ta singano. Imagwira bwino matenda ofalikira, monga TB, chibayo, malungo ndi oumitsa khosi. Koma singano siona kabowo ka m'matumbo, chiberekero chong'ambika kapena magazi otseka mtsempha wa kumapapo, choncho pa imfa ya uchembere ndi ya pambuyo pa opaleshoni siingalowe m'malo mwa kutsegula. Imadaliranso labu kwambiri, chifukwa pa tebulo palibe chimene maso amaona.

Mchinji ndi boma limene linazolowera kale kufunsa za imfa. Bungwe la MaiMwana linagwira ntchito kuno zaka zambiri likuyendera mabanja oferedwa kukafunsa mmene mayi kapena mwana anadwalira, ndipo linayesanso njira yoti mudzi ndi chipatala zizikhala pamodzi kuunika imfa ya mayi woyembekezera. Kufunsa kotereku n'kofunika chifukwa anthu ambiri amamwalirira kunyumba, ndipo kumaulula zimene mpeni sungaulule, monga kuchedwa kunyamuka, kusowa kwa galimoto, kudikira pa mzere. Koma kumangotipatsa zimene achibale anaona kunja. Komiti younika imfa za amayi ikakhala pansi ndi fayilo yokha, imakhala ikuunika maganizo a dokotala pogwiritsa ntchito maganizo omwewo. Chimodzimodzi chikalata cha imfa. Ambiri amangolembapo kuti mtima unaima kapena kupuma kunasiya, zimene zimachitikira aliyense womwalira, pamene ziwerengero zochokera pa zikalata zimenezi zimayenera kuthandiza boma pogawa mankhwala ndi ndalama.

Imfa zoyambira nazo n'zodziwika: mayi aliyense womwalira ali woyembekezera kapena pasanathe masiku 42 atachira, munthu womwalira pa tebulo la opaleshoni kapena masiku ochepa pambuyo pake, mwana wokomoka amene sanayankhe mankhwala a malungo, wodwala HIV womwalira patangopita masiku ochepa atagonekedwa, ndi aliyense amene amaoneka kuti akuchira n'kugwa mwadzidzidzi. Mkulu wa zaumoyo m'boma asankhe anthu awiri oti akaphunzire ntchitoyi kwa akatswiri, fomu ya chilolezo ilembedwe m'Chichewa, ndipo mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti auzidwe zisanayambe, kuti asadzamve koyamba pa tsiku la maliro. Zimene maso aona banja liuzidwe tsiku lomwelo thupi lisananyamuke. Za ku labu zimatenga milungu, ndiye pa fomu palembedwe nambala ya foni ya mwini maliro ndi dzina la amene adzaimbe. Ikapezeka TB, uthenga upite kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo kuti a m'nyumbamo akayezedwe, ana aang'ono poyamba.

Pali malire amodzi oyenera kusungidwa mosanyengerera. Achibale akamaganiza kuti m'bale wawo wafa chifukwa cha kunyalanyaza kwa chipatala, kapena wopima akangotsegula n'kupeza chokayikitsa, monga chigaza chosweka pa mwana amene anabwera ngati wodwala malungo, kapena fungo la mankhwala a mbewu m'mimba, kupima kwa chilolezo kuimire pomwepo. Thupi libwerere mufiriji osabayidwa, fayilo itsekeredwe, apolisi ndi majisitireti auzidwe, ndipo amalize ndi dokotala wochokera kwina amene sanakhudzepo wodwalayo ali moyo.